Mayi akabereka n'kumangolira: ndi kutopa kwa uchembere kapena matenda a maganizo?

Mlangizi_wa_sikelo:
Anzanga a zaumoyo, ndigawireniko nzeru. Pa sikelo pamabwera amayi ena, mwana ali bwinobwino koma iwo angoti ndwii. Ukawafunsa amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo palibe. Kunyumba apongozi amati ndi ulesi, ena amati anawalodza. Tingasiyanitse bwanji kutopa kwa uchembere ndi matenda enieni a maganizo? Chimayambitsa n'chiyani, ndipo ndi liti pamene tiyenera kuwatumiza kuchipatala?

Mzamba_wamkulu:
Achimwene, yambani ndi kuwerenga masiku. Cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi chiberekereni, amayi ambiri amalira popanda chifukwa ndi kupsa mtima msanga, chifukwa mahomoni a nthawi ya pakati amatsika mwadzidzidzi nsengwa ikatuluka. Zimenezi zimatha zokha isanakwane milungu iwiri. Zikapitirira pamenepo, kapena zikayamba mwana ali ndi miyezi ingapo, musazitchenso kutopa.

Funso limene limathandiza kwambiri ndi ili: "Mwana akagona, inuyo mumagona?" Mayi wotopa amagona pomwepo ngakhale pamkeka. Wodwala maganizo amangoyang'ana kudenga, kapena amadzuka tambala asanalire osapezanso tulo. Kenako funsani ngati zimene zinkawasangalatsa kale, monga kwaya kapena kucheza kumjigo, zikuwakomerabe, ngati akudya, komanso ngati amadziona ngati mayi wolephera. Pali fomu ya mafunso 10 yothandiza kuzindikira matendawa yotchedwa EPDS, ndipo ilipo m'Chichewa. Koma muwafunse pambali. Palibe mayi angakuuzeni za mumtima ali pamzere, anzake akumvetsera.

Zoyambitsa siziyenda imodzi. Amene anadwalapo maganizo kale, kapena ali ndi pakati, ndiye ali pachiopsezo chachikulu. Zina ndi nkhanza za m'banja, bambo amene anapita ku Joni n'kuzimirira, mimba yosakonzekera, mwana wodwaladwala kapena kupita padera m'mbuyomu, kumva koyamba za HIV ku sikelo ya amayi apakati, njala ndi ngongole. Musaiwale thupi: mayi amene anataya magazi ambiri pobereka amafooka ndipo mtima umathamanga, choncho ayezedwe magazi. Chithokomiro nachonso chimatha kusokonezeka miyezi yoyambirira atabereka.

Kiliniko_ofesa:
Amayi azamba anena bwino. Ine ndiwonjezere zoopsa, chifukwa apa ndi pamene timataya anthu.

Mayi akayamba kulankhula zosagwirizana, kumva mawu amene ena sakumva, kukhala masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kapena kunena kuti mwanayo si wake, amenewo ndi matenda ena. Amagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 alionse, kawirikawiri m'milungu iwiri yoyamba. Apite kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, ndipo asatsale yekha ndi mwana. Kumeneko amayamba ayeza malungo ndi matenda a m'chiberekero, poti kutentha thupi nakonso kumazunguza mutu. Zikafunika amatumiza ku Zomba Mental kapena kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Za kudzipha funsani mosazungulira: "Kodi munaganizapo zochotsa moyo wanu?" Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, achibale achotse m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi onse, ndipo wina amuperekeze kuchipatala.

Mankhwala a matenda a maganizo amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline timayamba ndi 25mg usiku n'kumakweza pang'onopang'ono, fluoxetine ndi 20mg m'mawa. Kwa woyamwitsa asankhe ndi dokotala, ndipo mayi asasiye kuyamwitsa mwa yekha. Chimene chimalakwika ndi ichi: zovuta za mankhwala, monga kuuma kukamwa, kuwodzera kapena nseru, zimabwera sabata yoyamba, pamene phindu lake limaoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi. Munthu amene sanauzidwe zimenezi amasiya pa tsiku lachisanu. Ena amasiya akangopeza bwino, matenda n'kubwereranso. Apitirize kwa miyezi yosachepera 6 atachira, ndipo posiya achepetse pang'onopang'ono. Amitriptyline akachuluka amaimitsa mtima, ndiye kwa amene ali ndi maganizo odzipha tisamapereke wa mwezi wathunthu, ndipo azisunga ndi wachibale.

Mlangizi_wa_sikelo:
Zikomo akuluakulu. Nanga amene sanafike poipa, ife a kumudzi tingachite chiyani?

Phungu_wa_uphungu:
Zambiri ndithu, achimwene, ndipo ambiri a iwo safunika mapiritsi. Njira ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare pophunzitsa agogo kupereka uphungu pabenchi, yagwiritsidwanso ntchito m'zipatala zina kuno ku Malawi. Mlangizi ndi mayi amakumana kasanu ndi kamodzi. Mayi amatchula mavuto ake onse, amasankha yekha limodzi lotheka, awirinu mumaganizira njira zingapo, iye n'kusankhapo imodzi yoti akayese sabata imeneyo. Mukakumananso mumayamba ndi kufunsa mmene zinayendera. Alangizi ambiri amalakwitsa posankhira mayi vuto, kapena pothamangira kunena kuti "limbani mtima, ena alibe ndi mwana yemwe". Mawu amenewo amatseka pakamwa, ndipo mayiyo sabweranso.

Apongozi ndi bambo muwaitane, koma osati kudzawadzudzula. Auzeni kuti awa ndi matenda ndipo amachizika, kenako muwapatse ntchito yooneka: wina atenge mwana akangoyamwa usiku kuti mayi agone maola anayi osadukiza, wina atunge madzi. Ngati pakhomopo pali nkhanza, bambo musawaitane kaye, kambiranani ndi mayiyo za chitetezo chake ndi za ofesi ya Victim Support kupolisi. Kupemphera musawaletse, angoyendera limodzi ndi chithandizo. Ndipo poti mayi amabwera kale ndi mwana ku katemera wa milungu 6, 10 ndi 14, lembani m'kaundula wanu kuti pa masiku atatu amenewo muzimufunsanso iyeyo za tulo ndi chakudya, mukatha kumuyeza mwana.