Ana ndiwatumize kumudzi kapena akhale konkuno? Ndithandizeni nzeru

Muli bwanji abale anga pagulu pano, admin chonde ivomerezeni iyi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ntchito yanga ndi ya m'nyumba. Wamkulu ali Grade 4, wamng'ono Grade 1. Lendi yakwera, thiransipoti ya ana nayonso, ndiye bambo awo akuti tingowatumiza kwa agogo awo ku Namwera, m'boma la Mangochi, akaphunzire konko ife tizingoponya ndalama pa Mukuru. Zoti kupulayimale kulibe fizi chiyambire 1994 ndikuzidziwa, nkhawa yanga ndi mudziwo. Mwatsala agogo, azimayi ndi ana basi, amuna onse ali konkuno, mnyamata akangofika Standard 6 wayamba kale kufunsa za pasipoti osati za mayeso. Magetsi kulibe, foni amakatchajitsa pa sola ya pagolosale, madzi ndi pamjigo umodzi ndipo atsikana amayamba akatunga kaye ndiye azipita kusukulu. Mng'ono wanga ananditumizira kavidiyo, ana a Standard 1 ali mbwee pansi pa mtengo wa mango, ena atakhalira njerwa, mphunzitsi mmodzi yekha. Komanso anawa Chiyao sachidziwa, Chichewa chake chokhotakhota, iwo ndi Chizulu ndi Chizungu basi. Amene munatumizako ana kumudzi zinayenda bwanji? Osandinyoza chonde.

Mayankho

Achemwali kuchulukana kwa ana m'kalasiko si kwanu kokha ayi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo dziko lonse theka la anthu ndi ana osafika zaka 18, ndiye makalasi angakwane bwanji? Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi koma m'makalasi a pansiwa amapitirira kutali. Imbirani ahedi muwafunse kuti pa mayeso a Standard 8 (PSLCE) apitawa anasankhidwa angati kupita ku sekondale, nanga CDSS yapafupi ili mtunda wanji. Akayamba kuzungulirazungulira mwadziwa kale yankho.

Ine wanga ali kwa mayi anga ku Mzimba ndipo akukhoza bwinobwino, wasiyanso mwano wakunowu kkkk. Koma musanamizidwe kuti randi ikafika kumudzi imachuluka, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zinakwera zedi, ndiye mukatumiza ya ana awiri dziwani kuti idya khomo lonse, makamaka Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma. Funsaninso ngati pasukulupo amaphika phala la Mary's Meals.

Agogowo ali ndi mphamvu? Malungo a ku Mangochi si masewera, mwana wokulira ku Joni akangofika amamugwetsa. Chipatala chili pafupi?

Mayi ngati vuto lenileni ndi mapepala nenani, khoti la kuno lidagamula mu 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Kumbukiraninso kuti kwathu chaka cha sukulu chimayamba Seputembala, kuno Januwale, mukawanyamula Disembala akapeza anzawo atamaliza kale teremu yoyamba.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mapepala ali nawo, vuto ndi thumba basi. Za Seputembalazo zandiimitsa mutu. Nanga wa Grade 4 yu akakafika amulowetsa Standard 4 kapena 5, ndipo ahedi amafuna kalata yanji yochokera kusukulu yakuno?