Kasitomala wovutika kuyenda, tsiku limodzi ku Lisbon: timuyendetsa bwanji?

Wa Matikiti:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi makasitomala awiri, bambo ndi mayi, okwera sitima yapamadzi yoyendera malo. Idzakocheza ku Lisbon, likulu la Portugal, 8 koloko m'mawa n'kunyamuka 5 koloko madzulo. Mayiwo ndi a zaka za m'ma 70 ndipo mawondo onse awiri ndi ovuta. Pamalo osalala amayenda ndi ndodo mamita ngati 200 kenako afune pokhala. Masitepe atatu kapena anayi amakwera atagwira chitsulo, kupitirira apo ayi. Ali ndi njinga ya olumala yopinda, okankha ndi amuna awo, omwenso si anyamata. Akufuna Alfama (dera lakale la paphiri), linga la São Jorge, tramu 28 (kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda) ndi dera la Belém. Ulendo umene a sitima amagulitsa kwa anthu ovutika kuyenda unadzaza kale. Ndiwakonzere chiyani chotheka?

Wa Padoko:
Achemwali, musanafike kumapiri yambani ndi potsikira. Funsani a sitima kuti idzaima pati. Zambiri zimaima pa doko latsopano la ku Santa Apolónia, limene linatsegulidwa mu 2017 kunsi kwenikweni kwa Alfama, koma zina zimakocheza ku Alcântara, kumadzulo, ndipo kuchokera kumeneko simungayende pansi kupita pakati pa mzinda. Woyendetsa galimoto akamadikira pa doko lina inu muli pa lina, ola latha.

Chachiwiri ndi mlatho wotsikira m'sitima. Mtsinje wa Tejo pamenepo umadzaza ndi kuphwera motsatira nyanja, nthawi zina kusiyana kwake mamita atatu. Mlatho umene m'mawa unali wogona bwino, madzulo ukhoza kukhala chitunda. Bambowo asakankhe okha pamenepo, apemphe ogwira ntchito m'sitima. Lembani fomu ya zosowa zapadera tsopano lino. Lamulo la European Union la okwera zapamadzi, nambala 1177/2010, limati wofuna thandizo adziwitse kusanatsale maola 48, koma makampani ambiri amafuna fomu yawo masabata angapo ulendo usanayambe. Asathamangire kutsika ndi chigulu. Adikire mphindi 30 kapena 40, zikepe za m'sitima zipepuke.

Mperekezi:
Tramu 28 ichotseni pa mndandanda, muwauze lero lomwe kuti asakakhumudwire komweko. Timatramu takaleto tili ndi masitepe aatali, khomo lopapatiza, mulibe poika njinga, ndipo masana mumadzaza thothotho moti mpando ndi mwayi chabe. Timagwedezanso kwambiri pamakona. Munthu wa mawondo otere ataimirira m'menemo n'kuyitana ngozi. Ngati chimene akufuna ndi chithunzi, tramu yomweyo imadutsa pa Largo das Portas do Sol. Akhale pampando, aijambule ikudutsa.

Tisitima tokwera chitunda tokokedwa ndi chingwe musatidalirenso. Ka Glória kanachita ngozi pa 3 September 2025, anthu 16 n'kumwalira, ndipo tinzake tinaimitsidwa kuti tiunikidwe. Chilichonse cha mtundu umenewu, kuphatikizapo chikepe cha Santa Justa, fufuzani kwa a Carris, kampani yoyendetsa matramu ndi mabasi mumzindawu, sabata yomweyo ya ulendo. Santa Justa ngakhale chikuyenda, mzere wake ndi woimirira padzuwa popanda pokhala.

Mzindawu uoneni motere: pali magawo athyathyathya ndipo pali mapiri. Athyathyathya ndi Baixa, pakati pa mzinda, imene inamangidwanso ndi misewu yowongoka pambuyo pa chivomezi cha 1755, kenako Belém ndi Parque das Nações. M'menemu njinga imayenda. Kumapiri munthu amakwezedwa pagalimoto, aone, atsitsidwenso pagalimoto.

Wa Mafupa:
Ndionjezepo za thupi, chifukwa apa ndi pamene okonza maulendo ambiri amalakwitsa. Amati tikawasiye pamwamba, azitsika okha pang'onopang'ono, kutsika n'kosavuta. Kwa munthu wa mawondo, mtsetse ndi woipa kuposa chitunda. Bondo limagwira ntchito ya buleki pa phazi lililonse, ndipo likatopa limangopinda osachenjeza.

Kwa wokankha njinga nako n'chimodzimodzi. Potsetsereka pomangira njinga za olumala muyezo wake ndi mita imodzi yokwera pa mamita 12 alionse, kapena kuti 8 peresenti. Msewu wa Calçada da Glória ndi wopitirira 17 peresenti, kuwirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti mayiwo ndi njinga yawo akulemera makilogalamu 90. Pa 10 peresenti, bambowo akulimbana ndi mphamvu ya makilogalamu ngati 9 mosalekeza. Pa 17 peresenti ndi makilogalamu 15, atagwira timphira tiwiri ta zogwirira, manja ali thukuta. Mabuleki a njinga zambiri zopinda ndi oimikira, si ochepetsera liwiro. Ukawakoka njinga ikuyenda, tayala limodzi limagwira linzake ayi, njinga n'kutembenuka. Ngati angathe kubwereka njinga yokhala ndi mabuleki a wokankha pa zogwirira, ndalama imeneyo sinapite pachabe.

Tsono miyala. Tinjira ta oyenda pansi ku Lisbon n'toyala timiyala toyera ndi takuda, timene tapekeseka ndi mapazi mpaka kuchita kunyezimira. Kukagwa kamvula pang'ono, ndi sopo weniweni. Timatayala takutsogolo ta njinga timakodwa pamene mwala wazuka, njinga imaima mwadzidzidzi ndipo wokhalamo amaponyedwa kutsogolo. Choncho lamba wa m'chiuno amange. Pamalo oipa wokankha aponde kachitsulo ka kumbuyo, akweze matayala akutsogolo, ayendetse ndi akumbuyo okha. Potsika m'mphepete mwa msewu kapena pamtsetse waufupi, atsike chafutambuyo, iye ali kumunsi. Aphunzire zimenezi kunyumba asananyamuke. Mphira wa kunsi kwa ndodo asinthe akhale watsopano, wina wapadera m'chikwama, ndipo nsapato zikhale za mphira wofewa.

Wa Matikiti:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga linga lija n'losathekeratu? Ndamva kuti kuli zikepe zaulere zokwezera anthu kumeneko.

Mperekezi:
Zilipodi, ziwiri zotsatizana. Choyamba chili m'nyumba ina pa Rua dos Fanqueiros, chimakutulutsirani pa Rua da Madalena. Mukadutsa kabwalo, chachiwiri chili m'nyumba yoimika magalimoto ya Chão do Loureiro, chimakafika pa Costa do Castelo. Vuto ndi lakuti pamenepo simunafike. Kwatsala chitunda cha miyala mpaka pa chipata, ndipo kwa munthu wa mamita 200 chitunda chimenecho n'chokwanira kumumaliza tsiku lisanayambe. Komanso chikepe chimodzi chikafa, mwatsakamira pakati pa phiri. Minibasi nambala 737 yochokera pa Praça da Figueira imafika pafupi kwambiri ndi chipata kuposa zikepezo.

M'kati mwa linga, bwalo loyamba lili ndi mthunzi wa mitengo, pokhala, ndipo mzinda wonse ndi mtsinje zimaoneka. Pansi pake ndi pokumbikakumbika koma ndi ndodo n'potheka. Pamwamba pa makoma ndi nsanja ndi masitepe okhaokha, aiwale.

Wa Padoko:
Apa achimwene ndisiyana nanu pang'ono. Kutheka n'kotheka, koma mtengo wake ndi maola awiri ndi theka la mphamvu za mayiwo, pofuna bwalo limodzi. Zimene akaone kumeneko akhoza kuziona pa malo okwera oonera mzinda otchedwa Miradouro da Senhora do Monte, pamene galimoto imafika pambali penipeni, mapazi ochepa kuchokera pa khomo la galimoto kufika pa benchi. Ndipo kuchokera pamenepo lingalo limaoneka lonse. Portas do Sol imawapatsa madenga a Alfama ndi mtsinje, mwinanso sitima yawo ili poteropo. M'kati mwa Alfama mwenimwenimo ndi timakwalala ta masitepe, tina tosakwana njinga. Kumeneko ayi.

Ine ndikanalemba galimoto ndi woyendetsa kwa maola anayi kapena asanu. Musangolemba kuti "kasitomala ndi wolumala", sizithandiza aliyense. Lembani kuti amatha kuchoka panjinga kukhala pampando wa galimoto, njinga ndi yopinda, ikapindidwa kutalika ndi kufupika kwake ndi masentimita akuti, kulemera makilogalamu akuti. Popeza amatha kusamuka yekha, safunika galimoto ya chikwezo, zimene n'zochepa ndipo zimatha msanga tsiku limene sitima zakocheza zingapo. Pemphani galimoto wamba yokhala ndi buti yaikulu. Minibasi yaitali imaoneka yabwino pachithunzi koma sitepe yake ndi yomwe ija ya tramu 28. Funsaninso woyendetsa kuti adzawatsitsa pati penipeni pa malo alionse, chifukwa misewu ina ya ku Alfama ndi ku Castelo, dera la linga lija, ndi yotsekedwa kwa magalimoto wamba.

Ma tuk-tuk, tigalimoto ting'onoting'ono tonyamula alendo, adzawaitana pa chipata cha doko. Pokwerera ndi patali, ndipo pamiyala ija msana umamva chilichonse.

Mperekezi:
Za linga ndavomera. Koma ngati ndalama ya galimoto ya tsiku ili yovuta, njira ina ilipo. Kuchoka pa doko kufika pa bwalo lalikulu la Praça do Comércio ndi pafupifupi kilomita imodzi kapena kuposa pang'ono, m'mbali mwa mtsinje, popanda chitunda. Pamenepo pamadutsa tramu 15E yopita ku Belém, imene kawirikawiri imakhala yatsopano, yaitali, yotsika pansi. Ikabwera yakale, aisiye adikire ina. Imadzaza nayonso ndipo opisa m'thumba amaikonda. Kumapiri atenge takisi kapena Uber kapena Bolt, ulendo umodziumodzi. Wofuna dera la kumtunda la Chiado asakwere Rua do Carmo pokankha: alowe m'sitolo zazikulu za Armazéns do Chiado kuchokera ku Rua do Crucifixo, akwere chikepe, atulukire kumtunda. Chimbudzi chilinso momwemo, ndipo zimbudzi za m'malo odyera akale a ku Baixa zambiri zili pansi, kotsikira masitepe opapatiza.

Ku Belém kuli msampha umodzi. Njanji ndi msewu waukulu zimalekanitsa nyumba ya amonke ya Jerónimos ndi gombe kumene kuli chipilala cha Padrão dos Descobrimentos ndi nsanja ya Belém. Pamapu n'pafupi, koma njira yodutsa pansi ili ndi masitepe. Wa galimoto awatsitse mbali imodzi, kenako azungulire nawo mbali inayo. M'kati mwa nsanja muli masitepe ozungulira opapatiza, aionere panja.

Wa Mafupa:
Kaya musankha njira iti, musaike malo opitirira atatu, ndipo pakati pake pakhale kukhala pansi kwenikweni, kwa mphindi 30 kapena kuposa. Njinga aigwiritse ntchito kuyambira m'mawa, asadikire kutopa, kuti mamita 200 aja awasungire pamene njinga singalowe. Mankhwala a ululu amwe pa nthawi imene adokotala awo anawauza, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'chipinda cha m'sitima.

Wa Padoko:
Nthawi tsono. Sitima yonyamuka 5 koloko nthawi zambiri imafuna onse akhale atakwera pofika 4:30. Anthu awa auzeni 3:30 akhale ali pa doko, chifukwa kuchokera pa chipata kukafika pa mlatho ndi kamtunda, ndipo msewu wa m'mbali mwa mtsinje umathithikana madzulo. Ulendo wodzikonzera okha sitima siwadikira. Portugal ili kumbuyo kwa Spain ndi ola limodzi, ndiye ngati akuchokera ku Cádiz kapena ku Vigo, foni ndi wotchi ya sitima zikhoza kusiyana. Atsatire ya sitima. Ajambule tsamba la ndondomeko ya tsikulo pamene palembedwa nambala ya woimira sitima pa doko, ndipo nambala ya zadzidzidzi kumeneko ndi 112.

Mwaonanso kuti ndi tsiku lanji la sabata?

Wa Matikiti:
Ndayang'ana, ndi Lolemba.

Mperekezi:
Ndiye Belém yasintha. Jerónimos ndi nyumba yosungiramo ngolo zachifumu, Museu Nacional dos Coches, zimatseka Lolemba. Achite chonchi: 9:30 galimoto iwatenge pa doko kupita ku Senhora do Monte ndi Portas do Sol alendo asanachuluke, 11:30 akhale ali ku Baixa, Rua Augusta mpaka Praça do Comércio panjinga, adyere komweko. Masana Parque das Nações, kumene anamanga chifukwa cha chionetsero cha 1998. Njira zake n'zotakata ndipo Oceanário, nyumba yoonetsa nsomba ndi zamoyo za m'nyanja, imatsegula tsiku lililonse, njinga imayenda m'kati monse. Matikiti muwagulire pa intaneti, kubwerera ku doko ndi mphindi ngati 20, choncho 3 koloko anyamuke. Nsanja ya Belém adzaiona sitima ikutuluka, ikangodutsa pansi pa mlatho wa 25 de Abril. Auzeni akapeze mpando mbali ya kumanja kwa sitima nthawi ikadalipo.