Kukongoza anthu ndalama kudzera pa intaneti: phindu lake n'lenileni?

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali makampani a peer-to-peer lending amene amalumikiza wokhala ndi ndalama ndi wofuna ngongole, banki osakhalapo pakati. Akulonjeza chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka. Ndiikemo zomwe ndasunga? Nanga wobwereka akapanda kubweza zimatha bwanji?

Yankho 1: Achimwene, 12 peresentiyo ndi ya papepala, si imene ilowe m'thumba. Tiyeni tiwerengere. Mpamba wanu ndi 100,000, mwaugawa kwa anthu 100, aliyense 1,000. Onse atabweza mungapeze 12,000. Tsono asanu alephera koyambirira: mwataya 5,000 ya mpamba ndi 600 ya chiwongoladzanja chawo. Tinene kuti kampani ikudula 1 peresenti, ndiye 1,000. Chotsala ndi 5,400, msonkho musanapereke. Akalephera anthu 12, muli kale pa luzi ya 2,440.

Kugawako n'kofunika kwambiri. Mpamba womwewo mukaupereka kwa anthu 10 okha, aliyense 10,000, mmodzi yekha akalephera phindu lonse la chaka lapita. Musakongoze munthu mmodzi zopitirira 1 peresenti ya mpamba. China: ngongole zambiri zimabwezedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndiye zobwerazo mukapanda kuzikongozanso zimangogona osabereka.

Yankho 2: Zoona, koma wobwereka si amene amandiopsa kwambiri, ndi kampaniyo. Ezubao ya ku China inasonkhanitsa pafupifupi 50 biliyoni yuan kwa anthu oposa 900,000, kenaka mu 2016 zinadziwika kuti ngongole zake zambiri zinali zabodza, ankalipira akale ndi ndalama za olowa kumene. Lendy ya ku Britain inagwa mu 2019, chonsecho ngongole zake zinali ndi chikole cha nyumba ndi malo. Chikole chimene mtengo wake unakokomezedwa sichikupulumutsani.

Musanaike kalikonse fufuzani ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira zachuma m'dziko lake, ndipo chiphasocho muchione pa webusaiti ya bungwelo, osati ya kampani. Funsani ngati ndalama za okongoza zimasungidwa mu akaunti yapadera yosasakanikirana ndi za kampani, komanso amene adzatolere ngongole kampaniyo ikagwa. Akazengereza kuonetsa chiwerengero cha olephera kubweza chaka ndi chaka, achokereni.

Wofunsa: Zikomo bwana. Koma makampani ena akulemba kuti wobwereka akachedwa, iwo amandibwezera okha. Pamenepo si ndiye chitetezo?

Yankho 3: Ndi lonjezo chabe, si inshulansi. Pa Mintos, msika wa ngongole zoterezi wa ku Latvia, mwachitsanzo, kampani imene inapereka ngongoleyo imaigulanso wobwereka akachedwa masiku opitirira 60. Zimayenda bwino olephera akakhala ochepa. Akachuluka nthawi imodzi, wolonjezayo ndi amene amayamba kugwa. Ndipo ku Britain, kumene malamulo ake ndi okhwima, thumba la FSCS limene limabwezera osunga ndalama banki ikagwa silikhudza ngongole zoterezi.

Yankho 4: Palibe wanena za kutuluka. Ngongole zambiri ndi za zaka 3 mpaka 5. Mukafuna ndalama msanga muyenera kugulitsa ngongole zanu kwa anzanu okongoza, nthawi zina motchipa. Mu 2020, mliri utayamba, ofuna kutuluka anachuluka kuposa ogula ndipo ena anadikira miyezi. Ndiye za fizi, za lendi kapena zadzidzidzi musaziike kumeneko.

Za kuchuluka kwake, FCA, bungwe loyang'anira zachuma ku Britain, inalamula mu 2019 kuti woyamba kumene amene sanalandire uphungu asapyole 10 peresenti ya ndalama zake zonse zimene angathe kuziika poti zibereke. Muyezo umenewo ndi wabwino kwa aliyense. Onaninso kuti Zopa, kampani ya ku Britain imene inayambitsa zonsezi mu 2005, inasiya kulandira okongoza wamba mu 2021 n'kupitiriza ngati banki, ndipo LendingClub ya ku America inachita chimodzimodzi kumapeto kwa 2020.

Wofunsa: Ndamva. Ndiyamba ndi za chiphasozo.