Inshuwalansi ya zaumoyo yomwe wa kontrakiti m'fakitale angakwanitse: ndiyambire pati?

WowotchereraUsiku analemba:

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndine wowotcherera zitsulo ndipo chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi pa fakitale imodzi. Koma fakitaleyo sinandilembe ntchito ayi. Anatilemba ndi kampani ina yomwe imapereka antchito, kontrakiti ya miyezi 12, ikatha timasainanso ina. Anzathu olembedwa ntchito yokhazikika ali ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo, ife tilibe, chonsecho utsi umene tikupuma ndi womwewo ndipo shifiti ya usiku timalowa limodzi.

Pakhomo tilipo asanu: ine, mayi a ana, ana awiri, ndi mayi anga ondibala omwe amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Mwana wamng'ono ali ndi zaka zinayi ndipo amadwala mphumu. Nyumba yathu ili kuseri kwa mafakitale, mphepo ikatembenuka fumbi limangoti mbuu pamawindo. Mwezi wathawu chifuwa chinamutseka usiku ine ndili kuntchito. Anagonekedwa masiku atatu, bilu yake inadya pafupifupi theka la malipiro anga. Ndinakongola kwa mnzanga, mpaka lero ndikubwezabe.

Ndalankhula ndi ma ejenti awiri a inshuwalansi. Woyamba anatchula ndalama yochepa kwambiri pamwezi moti ndinatsala pang'ono kusaina pomwepo. Nditafika kunyumba n'kuwerenga kapepala kake, ndinaona kuti iwo amangopereka kandalama koikika pa usiku uliwonse umene munthu wagona m'chipatala, ndipo amayamba kuwerenga pa usiku wachitatu. Wachiwiri zake zikuoneka zenizeni, koma akufuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malipiro anga. Ejentiyo akuti mayi anga sangawalandire chifukwa cha zaka, ndipo za mphumu ya mwana akuti ndidikire miyezi 12 ndikulipira ndisanathandizidwe.

Kodi pali amene anapeza njira ali pa kontrakiti ngati ine? Nditenge yotchipayo kuti pakhale poyambira, kapena ndikungotaya ndalama?

MlembiWaMabilu anayankha:

Achimwene, pepani ndi za mwanayo. Ine ndimagwira pa windo lolipirira m'chipatala, ndipo anthu olira kwambiri amene ndimawaona ndi omwe abwera ndi khadi ali ndi chikhulupiriro chonse, kenako kompyuta ikukana. Amene alibiretu khadi amabwera atakonzekera kale mtima.

Zomwe anakuonetsani ejenti woyambayo ndi zina, inshuwalansi yolipira chithandizo ndi ina. Yoyambayo imakupatsani inuyo ndalama m'manja mukagonekedwa, bilu ikhale yaikulu kapena yaing'ono zilibe kanthu kwa iwo. Imathandiza kubwezeretsa malipiro a masiku omwe simunagwire ntchito, basi. Tengani nkhani ya mwana wanu yomweyi: anagona masiku atatu, iwo akanakupatsani za usiku umodzi. Komanso mphumu ndi BP ndi matenda omwe ndalama zambiri zimathera pa mankhwala a mwezi ndi mwezi ndi kuonana ndi dokotala osagonekedwa. Pamenepo iyo siikhudzapo n'komwe.

Mukamafananiza, musayang'ane ndalama ya pamwezi yokha. Muwauze akulembereni papepala malire a ndalama zomwe angalipire pa chaka, ndipo mufunse ngati malirewo ndi a munthu mmodzi kapena a banja lonse. Ndaonapo banja lomwe bambo anachitidwa opaleshoni kumayambiriro kwa chaka n'kumaliza gawo la onse, mwana atadwala patatha miyezi inayi munalibe kanthu. Mufunsenso gawo lomwe mudzalipire nokha pa bilu iliyonse, chifukwa inshuwalansi zotchipa zambiri zimatchipa pokukankhirani inuyo gawo lalikulu pa tsiku lodwala. Ndipo aone mndandanda wa zipatala zomwe amagwira nazo ntchito mayi a ana anu, poti ndi iwo amene adzanyamule mwana usiku inu muli pa shifiti. Ngati chipatala chapafupi palibe pa mndandandawo, khadilo silidzawathandiza pa ola lomwe akulifuna.

Za kudikira miyezi 12 zisakudabwitseni, makampani ambiri amatero pa matenda omwe munthu walowa nawo. Amaopa kuti anthu azingolowa akadwala n'kutuluka akachira. Chimene ndikupempheni ndi ichi: pa fomu mulembe zoona. Musabise mphumu ya mwana pofuna kuzemba kudikira. Bilu yaikulu ikabwera iwo amaitanitsa mabuku akale a kuchipatala, akapeza kuti munabisa amakana kulipira, nthawi zina amathetsa ndi inshuwalansi yomwe, ndalama zonse munaperekazo n'kupita.

MkuluWaYuniyoni anayankha:

Mphwanga, alongo athuwa akuuza zoona zokhazokha, koma ine ndikuona kuti ukufunsa funso ngati munthu mmodzi pamene vutoli ndi la gulu. Mulipo angati a kontrakiti pa fakitale yanuyo? Ukapita wekha kwa ejenti, iye amaona wowotcherera, mwana wa mphumu ndi gogo wa BP, ndiye amakweza mtengo kapena kukana. Mukapita anthu makumi angapo pamodzi, muli anyamata omwe chaka chimatha osaponda kuchipatala, ndalama zawo zimaphimba za odwala. Ndi mmene inshuwalansi imayendera. N'chifukwa chake ya gulu imatsika mtengo, ndipo kawirikawiri pokambirana amafupikitsa nthawi yodikira kapena kuichotseratu, makamaka ngati onse alowa, osati okhawo omwe ali ndi odwala pakhomo.

Izitu sizinayambe lero. Ku Germany m'chaka cha 1883, boma lotsogoleredwa ndi Bismarck linakhazikitsa lamulo loti ogwira ntchito m'mafakitale akhale ndi inshuwalansi ya matenda. Wantchito ankapereka magawo awiri mwa atatu, bwana gawo limodzi. Chaka chotsatira, 1884, anaikanso inshuwalansi ya ngozi za pantchito, ndipo iyo ankalipira ndi mabwana okha. Ndatchula izi kuti uone kuti kuyambira pachiyambi zinthu ziwirizi anazilekanitsa, ndipo iwenso uzilekanitse.

Mwana akadwala, imeneyo ndi ya inshuwalansi ya zaumoyo. Koma chitsulo chikakupsereza, diso likapweteka ndi kuwala kwa moto wowotcherera, kapena mapapo akawonongeka ndi utsi wa pantchito, imeneyo ndi nkhani ya chipukuta misozi cha ovulala pantchito, ndipo udindo ndi wa olemba ntchito. Pangano nambala 121 la bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, la chaka cha 1964, limanena za zimenezi, ndipo lili ndi mndandanda wa matenda obwera chifukwa cha ntchito. Maiko ambiri ali ndi lamulo lawo pa nkhaniyi, upeze lomwe likugwira ntchito kwanuko uliwerenge. Inshuwalansi zambiri za zaumoyo zimalemba poyera kuti sizilipira ngozi za pantchito, poti zimadziwa kuti pali wina woyenera kulipira. Ndiye ukapanda kudziwa, ungagwe pakati: uku akukana, uko sunapereke lipoti.

Kwathu kuntchito tinachita chonchi. Tinalemba maina a onse ofuna, ndi zaka zawo ndi chiwerengero cha ana, tinapita nawo kwa makampani atatu a inshuwalansi kuti aliyense atchule zake. Kenako tinapita kwa abwana ndi mapepala atatuwo, osapempha zambiri, kungoti azidula ndalamayo kumalipiro n'kutumiza okha, ndipo aikepo gawo lawo. Zodula anavomera msanga poti siziwadyera kanthu. Za gawo lawo zinatenga miyezi isanu ndi iwiri ndi misonkhano yomwe sindingaiwerenge. Chomwe chinawatembenuza ndi pamene tinawaonetsa masiku omwe anthu anajomba m'chaka chimodzi chifukwa chothamangira ngongole za kuchipatala.

Inu a kontrakiti muyambe mwawerenga kontrakiti yanuyo, muone amene walembedwa kuti ndi bwana wanu. Fakitale idzati pitani kwa amene anakulembani, iwonso adzati pitani ku fakitale. Kalata yanu ipite konse kuwiri tsiku limodzi.

AgogoAKuMiyala anayankha:

Ine ndinaphwanya miyala zaka 19, lero ndikakwera kamtunda kakang'ono ndimaima kawiri. Madokotala anati ndi silicosis, fumbi la miyala linaumitsa mapapo, ndipo sachira. Matendawa amatenga zaka khumi kapena kuposerapo asanaonekere, moti pamene ndinkayamba kubanika, kampani ndinali nditaisiya kale. Anandifunsa umboni woti mapapo anali abwino pamene ndinkayamba ntchito. Ndinalibe.

Mwana wanga, za mitengo sindikudziwa, akuuza enawa. Langa ndi ili: ukayezetse mapapo ndi makutu panopa ukadali bwino, ndipo mapepalawo usunge kunyumba, asakhale ku ofesi kokha. Phokoso lofika ma decibel 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola asanu ndi atatu tsiku lililonse limagonthetsa pang'onopang'ono, wekha sudziwa. Utsi wowotchereranso si wamasewera, bungwe la IARC lomwe limafufuza za khansa linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa m'chaka cha 2017. Ndipo ufunse chinthu chomwe ine sindinafunse: kontrakiti ikatha, kapena akakuchotsa, inshuwalansi ya guluyo ungapitirize kulipira wekha osayambiranso kudikira? Yanga inatha tsiku lomwe ndinabweza yunifolomu, ndipo kwina konse anandiwerengera mapapo ngati matenda olowa nawo.

MlembiWaMabilu anayankhanso:

Agogo anena mfundo yaikulu, funso limenelo lilembedwe pamwamba. Koma ndisiyaneko pang'ono ndi akulu a yuniyoni: miyezi isanu ndi iwiri ndi yambiri kwa mwana wa mphumu. Achimwene, pamene mukusonkhanitsa anzanu, funsani ejenti wachiwiri uja mtengo wa ana awiri ndi mayi awo okha, pa mlingo wotsika womwe uli ndi mankhwala ndi kugonekedwa. Miyezi 12 ija iyambe kuwerengedwa lero. Mufunsenso ngati miyezi yomwe mwadikira kale adzaiwerengere mukadzasamukira ku ya gulu, ena amavomera ngati simunadumphitse mwezi. Za mayi anu, pitani kuchipatala cha boma kapena cha mpingo chapafupi mukafunse ngati ali ndi tsiku la odwala BP ndi shuga, mankhwala a BP ambiri ndi akalekale ndipo sakwera mtengo ngati mmene inshuwalansi ya munthu wachikulire imakwerera.

WowotchereraUsiku anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Achemwali, ndamuimbira ejenti uja pa nthawi yopuma, wati mawa andipatsa mtengo wa anthu atatu ndipo ndamuuza kuti malire a pachaka ndi zipatala alembe papepala. Yotchipa ija ndaisiya.

Akulu, ndawerenga a kontrakiti pa shifiti yathu yokha, tilipo 34, ndipo asanu ndi anayi avomera kale kulembetsa maina. Ena akuopa kuti tikatumiza kalata, kontrakiti zathu sadzationjezera mwezi wa mawa uno zikamatha. Mantha amenewo ndili nawo inenso, sindinama. Kodi kalata yanu ija munasaina nonse, kapena munatuma anthu ochepa? Ndipo munaipereka kontrakiti zisanathe kapena mutasaina zatsopano?

Agogo, zoyezetsa mapapo sindinaziganizepo n'kamodzi komwe. Pamene ndinkayamba ntchito anatijambula pachifuwa, koma pepala lake sindinalione. Lolemba ndikalifunsa ku ofesi.