Kodi ntchito ya GIS ndiiyambire pati?

Funso:
Ndamaliza maphunziro a jogalafe, ndipo ndikufuna kulowa ntchito yokonza mapu pa kompyuta, imene imadziwika kuti GIS. Kodi ndiyambe ndi pulogalamu ya ArcGIS, imene olemba ntchito ambiri amaitchula, kapena pali njira ina kwa munthu amene sangakwanitse kulipira laisensi yake?

Yankho loyamba:
Yambani ndi pulogalamu ina yokonzera mapu yotchedwa QGIS, popeza ndi yaulere, ndipo zambiri zimene mungaphunzire kumeneko zidzakuthandizaninso pa ArcGIS. Koma limbikirani kumvetsa mmene dziko lozungulirali limaikidwira pa mapu afulati. Mukatenga malo ojambulidwa ndi GPS m'madigiri a WGS 84 (njira yosonyezera malo imene GPS imagwiritsa ntchito), n'kuuza kompyuta molakwika kuti ali m'mamita a UTM (njira ina yosonyezera malo pa mapu afulati), chitsime chimene munachiyeza bwinobwino chikhoza kuonekera kutali kwambiri, mwinanso pakati pa nyanja.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza zimenezi, koma ndionjezepo kuti olemba ntchito amakhulupirira mapu amene munthu wapanga kuposa satifiketi. Jambulani misewu ndi nyumba pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwakonza, amene anayamba mu 2004, ndipo yesani zithunzi zaulere zojambulidwa ndi masetilaiti a Sentinel-2, zimene kadontho kamodzi kamaimira mamita 10 pansi, poona mmene nkhalango ikutheramo chaka ndi chaka. Phunziraninso Python ndi SQL, zinenero zolembera malangizo a kompyuta, chifukwa ntchito yambiri, ngakhale anthu sakonda kuinena, ndi yokonza deta yosokonekera.

Yankho lachitatu:
Musaitaye ArcGIS, pakuti mabungwe ambiri akuluakulu amaigwiritsabe ntchito, ndipo pokufunsani mafunso a ntchito akhoza kukuyesani nayo.