Za fomu ya pa webusayiti ija, pano zafika apa

Anzanga, ndabweranso pa funso lija loti ndingatani kuti mauthenga obwera kudzera pa fomu ya pa webusayiti yathu asamasowere mu imelo, komanso kuti ndizitha kuwawerengera mosavuta.

Ambiri munati ndilumikize fomuyo ku Google Sheets, pulogalamu ya matebulo ya pa intaneti, ndipo ndatero. Tsopano munthu akangodina batani lotumizira, mzere watsopano umalowa wokha, tsiku ndi nthawi zili pomwepo. Sipamu, mauthenga achabechabe otumizidwa ndi maroboti a pa intaneti, nayo yachepa kwambiri. Ndinaika kabokosi kobisika komwe munthu sakaona koma maroboti amakadzaza, ndiye uthenga uliwonse wodzaza kabokosiko umatayidwa. reCAPTCHA, yomwe imayesa ngati wotumiza ndi munthu kapena roboti, ndaisiya dala, imatopetsa anthu enieni.

Chomwe chandithandiza koposa ndi funso loti "Mukufuna thandizo lanji?" Kale aliyense ankalemba zake: wina "mtengo", wina "ndalama zingati", wina ndime yathunthu. Zoterozo simungaziwerengere. Pano amasankha pa mndandanda waufupi, kabokosi ka "zina" kali pansi, ndipo pivot table (tebulo lowerengera mayankho m'magulu) imandionetsa nthawi yomweyo nkhani yomwe ikufunsidwa kwambiri mwezi uliwonse.

Kwa inu otsitsa mauthengawa ngati failo ya CSV (tebulo losungidwa ngati mawu wamba) kuti muitsegule mu Excel, samalani. Excel imachotsa ziro woyambirira pa nambala ya foni, ndipo mawu oyamba ndi chizindikiro cha = imawatenga ngati fomula. Musatsegule failoyo podina kawiri. Ilowetseni kudzera pa menyu ya Data mu Excel, n'kusankha Text pa mizere yotsika ya manambala a foni ndi mawuwo.

Chatsala ndi anthu otumiza kawiri. Inu mumachotsa mauthenga obwerezawo potengera imelo yokha, kapena imelo ndi tsiku lomwe?