Ndisunge kuti zithunzi kuti zisadzatayikenso?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeniko nzeru.

Mwezi watha anandisolola foni m'thumba ndikutsika taxi m'tauni. Za foniyo sindikudandaula kwenikweni, ndagula ina. Chikundiwawa ndi zithunzi: za ukwati wa achemwali anga ku Mangochi, za mwana wanga ali wakhanda, komanso chimodzi chokhacho chomwe ndinajambulitsa ndi malemu agogo.

Ndinkangoti zonse zili mu Google Photos. Nditalowamo ndinapeza kuti malo aulere aja a 15 GB anadzaza kalekale, kani amagawana ndi Gmail ndi Drive, ndiye zatsopano sizinkalowanso. Odya malowo ndi mavidiyo achabechabe a m'magulu a WhatsApp, oti ena sindinawaonereko n'komwe.

Pano ndikutolera kwa achibale, koma zomwe akunditumizira pa WhatsApp zikumafika zofooka, ukazikulitsa nkhope sizioneka bwino. Ndauzidwa kuti akatumiza ngati document sizichepetsedwa, koma kumeneko n'kudya bando, ndipo kwathu netiweki imachita kukwerera pachulu.

Nanga inu mumatani? Ndilipire Google One (malo owonjezera osungiramo zinthu ku Google) mwezi ndi mwezi, kapena ndigule hard drive? Ndimakhala ndi anzanga m'chipinda cha lendi ku Yeoville, anthu amalowa n'kutuluka, moti hard drive nayonso ikhoza kumera miyendo. Kasanjidwe kakenso kakundizunguza mutu: mumaika potengera chaka kapena mwambo wake?

Chinanso, pali njira yoti amayi aziona mdzukulu wawo popanda kuwathera bando? Foni yawo ndi yaing'ono, sichedwa kudzaza.